Mulunguzi Sathera Paphiri

Loweruka lina m'mawa ndikutsikira ku Likangala, kandodo kanga kowedzera kali paphewa, ndinakumana ndi anzanga atatu a m'kalasi akuchokera kumsika. Atangoona kandodoko anafa nako kuseka. Wina anati, "Achimwene, mwasochera njira. Azungu anzanu ali kumtunda uko, kuphiri." Wina anawonjezera kuti kumunsi kuno kulibe nsomba yoti munthu wophunzira n'kuitayira nthawi, kuli timatemba basi ndi matope. Ndinaseka nawo, poti pamsewu sakanganirapo, koma mawuwo anandikhala pamtima, ndipo ndati ndiwayankhe pano poti onse awerenge.

Zimene ananena anzangawo si zawo ayi. Ndi chiphunzitso chakale chimene tinachimeza osatafuna, chakuti madzi ozizira a kuphiri ndiwo oyenera ulemu, pamene madzi ofunda a kuchigwa ndi a amphawi, aliyense achite nawo zimene afuna. Ine ndikuti bodza limeneli likutiphetsa mitsinje, ndipo ife ophunzira ndife tikulilera.

Tiyambe ndi kumene linachokera. M'chaka cha 1906 atsamunda anabweretsa m'dziko muno nsomba yotchedwa rainbow trout, imene kwawo kwenikweni ndi kumadzulo kwa North America. Sanaibweretse kuti ikhale ndiwo za anthu. Anaibweretsa kuti akuluakulu a boma azisangalala nayo akaweruka kuntchito. Nsomba imeneyi ndi yankhuli ya madzi ozizira: madzi akafunda kufika madigiri 25 imayamba kubanika n'kufa. Choncho inangokhazikika pamwamba pa mapiri, m'mitsinje monga Mulunguzi pa phiri la Zomba, ndiponso ku Mulanje ndi ku Nyika. Kumeneko anaiikira malamulo ngati mwana wa mfumu. Wofuna kuwedza ankayenera kukhala ndi chilolezo, kudikira nyengo yake, ndi kugwiritsa ntchito nyambo ya nthenga yokha.

Malamulowo ine sindikuwanyoza. Anali abwino. Funso langa ndi ili: n'chifukwa chiyani ulemuwo unathera m'mphepete mwa phiri? Kodi Mulunguzi amathera pomwe trout wathera? Mtsinje womwewo umatsika phiri, kudutsa m'munda wa Botanic, n'kukathira mu Likangala, ndipo Likangala amakathira m'nyanja ya Chilwa. Madzi ndi omwewo, angofunda. Koma kumtunda timawavulira chipewa, kumunsi timawatayira zinyalala, kuwakumba mchenga, kulima dimba mpaka khasu kugwera m'madzi. Nsomba yobwera inapatsidwa mlonda. Eni mtsinje, matemba, makumba, chilunguni ndi mlamba, tinawasiyira katupe ndi neti ya udzudzu.

Tsopano ndinene za kandodo kamene kanaseketsa anzanga, chifukwa ndiko kananditsegula maso. Kuwedza ndi nyambo ya nthenga kumasiyana ndi kuwedza kumene tinakula nako. Pa mbedza sipakhala nyongolotsi kapena nsima. Pamakhala kachilombo kabodza, komangidwa ndi ulusi, ubweya ndi nthenga. Ine ndimagwiritsa za nkhanga ndi za tambala. Kachilomboko n'kopepuka kwambiri moti sungakaponye pakokha, tsono chimene chimaponyedwa ndi chingwe, ndipo nyambo imangotsatira. Zingwezi zili ndi manambala malinga ndi kulemera kwa mafiti 30 oyamba, amene ndi mamita 9 ndi pang'ono. Owedza trout ambiri amagwiritsa nambala 5 kapena 6. Changa ndi nambala 3, cholemera magalamu 6 ndi theka pa utali umenewo, ndipo chikagwa pamadzi sichidzidzimutsa ngakhale tombolombo.

Ndodoyo ndi ya fibreglass, ndiye kuti timaulusi ta galasi tomatidwa ndi utomoni. Ndodo zotere zinayamba kupangidwa ku America m'zaka za m'ma 1940, ndipo zinalanda malo a nsungwi chifukwa zinali zotsika mtengo ndi zolimba. Mu 1973 kampani ya Fenwick inatulutsa ndodo za graphite, zouma, zopepuka, zoponya patali, ndipo anthu anataya za fibreglass nazitcha zachikale. Koma owedza m'timitsinje tofunda ta ku America komweko, amene amasaka kansomba kotchedwa bluegill, ambiri anazibwerera. Chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene anaimapo mu Likangala. Pamenepo palibe poponyera patali. Kumbuyo kwako kuli bango, pamwamba pali nthambi za mkuyu, nsomba ili pa mayendedwe khumi kuchokera pomwe waima. Ndodo yaifupi, ya mafiti 6 kapena 7, yofewa, yopindika mpaka pogwirira, imaponya chingwe chachifupi mofatsa, siithyoka msanga ikagunda mtengo, ndipo kachilunguni kosaposa chikhatho kakakoka umakamva m'mkono monse. Pa ndodo youma ya trout nsomba yotero imangobwera ngati tsamba. Pa yofewayi imamenya nkhondo, ndipo munthu umayamba kuipatsa ulemu.

Wina anena kuti, "Nanga zimenezi zikukhudzana bwanji ndi kufa kwa mitsinje? Si masewera chabe?" Dikirani. Wowedza ndi nyongolotsi amakumba nyambo yake kudzala, n'kukhala pansi kudikira. Wowedza ndi kachilombo kabodza sangaphe kanthu ngati sakudziwa chimene nsomba ikudya tsiku limenelo. Ayenera kuvundukula miyala n'kuona tizilombo tili pansi pake. Ayenera kudziwa kuti mvula yoyamba ikagwa ngumbi zimagwera m'madzi ndipo nsomba zimayang'ana kumwamba, kuti dzuwa likatentha ziwala zimadumphira m'madzi kuchokera muudzu, kuti nsomba imabisala pamthunzi pomwe madzi othamanga akumana ndi odekha. Munthu wotere amauwerenga mtsinje monga inu mumawerengera buku, ndipo tsamba likang'ambidwa amadziwa ndiye woyamba.

Ine ndinadziwa tsiku lina m'mwezi wa October. Panali dziwe lina limene ndinkalikonda, pansi pa mtengo waukulu, pomwe ndinkagwira timatemba ndi tichilunguni n'kutibwezeramo. Nditafika ndinapeza madzi ali mbuu, nsomba zitayandama mimba zili m'mwamba, zazikulu zitatoledwa kale, tating'ono tosalowa m'poto titangotsala m'mphepete, ntchentche zili ng'waa. Wina anali atathiramo katupe usiku. Ndinavundukula mwala, ndi wina, ndi winanso: zii. Zikanakhala kuti zachitika m'dziwe la trout kuphiri, bwenzi tauni yonse ikukamba. Apa sipanamveke ngakhale chifuwa.

Ndipo musaganize kuti ndikulira timatemba ta dziwe limodzi. Nyanja ya Chilwa ilibe potulukira madzi, ndi yosaya, ndipo imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu anayenda pansi pomwe kale pankadutsa mabwato. Nanga nsomba zimabwerera bwanji madzi akadzadza? Sizigwa ndi mvula. Akatswiri a Yunivesite ya Malawi anafufuza nyanjayi pa nthawi ya chilala cha 1968 ndi pambuyo pake, ndipo zimene anapeza zili m'buku la Lake Chilwa limene Margaret Kalk ndi anzake anatulutsa mu 1979. Nyanja ikauma, matemba, makumba ndi milamba zimapulumukira m'madambo ndi m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjamo, monga Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe. Madzi akabwerera, zotsalazo ndizo zimaswana n'kudzazanso nyanja. Ngakhale m'zaka zabwino matemba ndi milamba zimakwera mitsinje nthawi ya dzinja kukaikira mazira. Tsono timitsinje tofunda timene anzanga amatitcha matope ndito nkhokwe ya mbewu. Wothira katupe m'dziwe m'chilimwe akudya mbewu, ndipo akudyera asodzi onse a ku Kachulu ndi ku Chisi, pamodzi ndi mayi aliyense wogula kamulu ka matemba mumsika wa Zomba. Akulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Ife chatiphwera katatu m'zaka 50, koma sitinadziwebe.

Mu 1996 Chilwa inalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Ulemu waukulu ndithu. Koma kulemekeza nyanja n'kumanyoza mitsinje yake kuli ngati kutamanda nsima uku ukutukwana munda.

Ndikudziwa chimene ena akung'ung'udza kumbuyoko. Akuti ndodo ya fibreglass ndi ya anthu okhuta, ndipo kugwira nsomba n'kuibwezera m'madzi ndi chipongwe kwa munthu wogona ndi njala. Pamenepa pali choona, ndipo sindichithawa. Ndodo yanga ndi ya kaunjika, ndinachita kupatsidwa, ndipo anthu ambiri sangaigule. Sindikuuza bambo wa ana asanu kuti ataye mono wake ayambe kumanga nthenga. Mono ndi mbedza zimatenga zina n'kusiya zina. Makolo athu anadya nsomba za m'mitsinjeyi zaka mazanamazana osaimaliza. Nkhondo yanga ili ndi katupe ndi neti ya udzudzu, zimene zimasesa mayi, mwana ndi dzira. Ndiponso lusoli si la azungu monga mukuganizira. Mnyamata wa kumudzi amene amaboola chiwala n'kuchiyandamitsa pansi pa bango ndi kansungwi kake akuchita zomwezo, ndipo amandiposa. Ku Japan asodzi a m'mapiri ankawedza ndi ndodo, chingwe ndi nthenga basi, njira imene amaitcha tenkara, ndipo sanaiphunzire kwa Mngelezi. Amene alibe fibreglass adule nsungwi.

Amene ndikuwaloza chala ndi ife a pa sukulu pano. Timalemba ndakatulo zotamanda phiri, nkhungu yake ndi mathithi ake, koma ndani mwa ife analembapo mzere umodzi wa Likangala? Timadziwa mayina a mitsinje ya ku England kuchokera m'mabuku a chaka choyamba, koma funsani m'kalasi kuti chilunguni chimasiyana bwanji ndi kumba, muone manja angati adzuke. Timawoloka mlatho tsiku ndi tsiku mphuno titatseka, osayang'ana pansi. Chinthu chimene suchiyang'ana sungachiteteze, ndipo chimene waphunzitsidwa kuchinyoza sungachiyang'ane.

Pempho langa ndi lalifupi. Ulemu umene tinapatsa trout utsike phiri. Mitsinje ya kumunsi ikhale ndi nyengo yake yopuma, makamaka nsomba zikamakwera kukaswana ndiponso m'chilimwe pamene zaunjikana m'maiwe. Mafumu ndi makomiti a m'midzi amene amaletsa katupe tiwathandize ndi mapensulo athu, m'malo mowasiya okha. M'mphepete mwa madzi musiyidwe udzu ndi mitengo, chifukwa mthunzi ukapita ziwala ndi ngumbi zimapita nawo, nsomba n'kutsatira. Aphunzitsi athu a sayansi atitengere kumtsinje, osati kutionetsa nsomba za m'mabotolo zokha.

Ndipo kwa inu anzanga atatu aja, Loweruka likubwerali ndidzakhala pa mlatho nthawi ya 6 koloko m'mawa. Bwerani ndi nsapato zosadandaula matope. Ndidzakubwerekani kandodoko, ndidzakumangirani kachiwala ka nthenga za nkhanga, ndipo kachilunguni kakadzakupindirani ndodo mpaka m'manja, mudzandiuze ngati kumunsi kuno kulibe nsomba.