Makompyuta a Ana Osaona Akonzedwe, Asatayidwe

Silabasi imacokera ku Longacres, mumsewu wa Haile Selassie, kumene kuli a Curriculum Development Centre. Mayeso nawo amacokera komweko, ku Examinations Council of Zambia. Mu 2015 ana a Giredi 9 analemba Computer Studies koyamba, ndipo m'masukulu ambiri anadikirirana makina mpaka usiku. Ena a inu munali pamzere umenewo. Manje ganizirani mnzanu wosaona, amene sangalembe kalikonse ngati kompyuta siimulankhulira.

Kusukulu kumene ndimaphunzitsa tikukangana: makompyuta akale a ana olemala tiwataye, kapena tiwakonze? Ofuna kutaya akuti a Microsoft analeka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina ambiri akale sangalandire Windows 11. N'zoona. Koma ine ndikuti konzani.

Mwana wosaona amagwiritsa nchito pulogalamu yowerenga mokweza zonse zili pa sikirini. Kompyuta ikacedwa, iwe wopenya umaona kacizindikiro kakuzungulira, umadziwa kuti udikire. Iye amangomva zii. Amadinanso batani, kudinanso kacitatu, mawu pobwerera ndime yonse yafufutika. Kawirikawiri cocedwetsa ndi hard disk yakale ndi RAM yocepa. Ikanimo SSD, kwezani RAM ifike 8 GB, gulani mahedifoni abwino. Anyamata okonza makompyuta m'tauni muno amamaliza nchito imeneyi tsiku limodzi. Pulogalamu ya NVDA ndi yaulele. Anaiyamba mu 2006 Michael Curran wa ku Australia, n'kugwirizana ndi James Teh, onse awiri osaona. Imatheka kuinyamula pa fulashi. Ndalama ya kompyuta imodzi yatsopano ingadzutse akale angapo, ndipo ana angapo akhala pansi nthawi imodzi m'malo mosinthana mpando.

Nanga n'cifukwa ciyani akuluakulu amakonda zatsopano? Cifukwa SSD ilibe riboni yodula. Palibe amene amajambulitsa pa Facebook atanyamula RAM. Makatoni atsopano akafika, pamabwera mlendo wolemekezeka, ana olemala amaimikidwa kutsogolo kuti cithunzi cikome. Mlendo akapita, ndaona ndi maso anga makinawo akukwera masitepe kupita ku labu ya pamwamba, kumene njinga ya wolemala siingafike, ina n'kutsalira mu ofesi. Ana aja amabwerera ku zakale zomwezo, manje zosakonzedwa, poti ndalama yonse yathera ku zatsopano. Dziko lino lili ndi Persons with Disabilities Act ya 2012, imene imati mwana wolemala asasalidwe pa maphunziro. Lamulo silinanene kuti akhale wokongoletsa zithunzi.

Sindikuti cibokosi ciliconse cisungidwe. Imene yakanika Windows 11 icotsedwe pa intaneti, ikhale yophunzirira kutaipa ndi kulemba. Mayeso amafuna zala zodziwa kiyibodi. Imene yafa, yafa. Koma pogula ina, gulani laputopu. Tonse tikukumbuka 2024, madzi atacepa ku Kariba, malaiti akuyenda pafupifupi tsiku lonse. Wopenya malaiti akapita amatenga bolopeni. Mnzathu uja kompyuta ya pa tebulo ikazima, buku lake ndi colembera cake zazimira pamodzi.

Ndalama ziliko. Mu 2024 CDF inafika K30.6 miliyoni pa constituency iliyonse. Inu a ku Kabwata, ku Chelstone, ku Chilenje, pitani ku msonkhano wa Ward Development Committee. Musakapemphe makompyuta cabe. Kafunseni kuti makina amene alipo ndi angati, akhala m'cipinda citi, kiyi amasunga ndani, ndipo wowakonza temu iliyonse adzalipidwa ndi ndalama iti. Mupite naye mwana wosaona, akawauze yekha kuti mawu amacedwa masekondi angati akadina batani.