Tulo ta Khanda Lodwala Cibayo Tisanamize Makolo

Mphepo ya June ndi July ikafika, makanda ambiri a m'makomboni amagonekedwa m'cipatala cifukwa ca cifuwa ndi cibayo. Usiku anesi amakhala ocepa, ndipo amene amaona mwana ola lililonse ndi amai ake amene akhala pambali pa bedi. Amai amenewa ayenera kuphunzitsidwa kusiyanitsa tulo tabwino ndi tulo toopsa tsiku lomwe mwana wagonekedwa.

Khanda limapuma kwambiri ndi mphuno. Mphuno zikatsekeka ndi mamina, siligona nthawi yaitali: limadzidzimuka, kulira, kuponya manja ndi miyendo, ndi kusiya bere kawirikawiri kuti lipume. Nthawi zina kusakhazikika kotere kumasonyeza kuti mpweya wacepa m'thupi.

Ngozi yaikulu imabwera mwana wotere akangoti zii. Abale amakondwera kuti wayamba kupeza bwino, pamene mwina watopa ndi kupuma movutikira. Mwana amene akucira amadzuka akagwidwa, amayang'ana amake ndipo amayamwa. Koma wovuta kudzutsa, wolefuka thupi lonse, wokana bere, wobuula popuma kapena wosintha mtundu wa milomo ndi lilime afunika nesi nthawi yomweyo. Cimodzimodzi khanda limene limaleka kupuma kwa kanthawi lili m'tulo.

Tulo ndi mpata wabwino wowerenga kapumidwe, pakuti mwana salira. Bungwe la WHO limati khanda losakwana miyezi 2 likupuma mofulumira ngati lipuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi. La miyezi 2 mpaka 11, ka 50. Amai akweze malaya a mwana aone ngati m'munsi mwa cifuwa mulowa mkati pokoka mpweya. Asacotse kapaipi ka okosijeni m'mphuno poganiza kuti ndiko kakumsowetsa tulo.

Alendo naonso acepetse phokoso ndi kulandirana mwana m'manja, popeza wodwala afunika kupumula.

Amai ambiri amaopa kuitana nesi pakati pa usiku kuti angakalipidwe. Mantha amenewa angataitse moyo. Oyang'anira mawodi a ana aonetsetse kuti mai wonena kuti mwana wake wagona mwacilendo amvedwa msanga, ngakhale zitapezeka kuti mwanayo ali bwino.