Khoswe Akakhala Pamkhate

Pa 11 Seputembala 2001, anthu 19 a gulu la al-Qaeda atalanda ndege zinayi ndi kupha anthu pafupifupi 3,000 ku Amereka, padalibe munthu wachifundo amene akadauza dzikolo kuti likhale chete. Pakuti mwazi wosalakwa ukakhetsedwa umafuna woufunsa, ndipo mfumu yopinda manja anthu ake ali pamaliro siyenera mpando wake. Mkwiyo umenewo udali wolungama. Chimene ndikukana, ndipo ndikuchikana ndi mtima wonse, ndicho chida chimene mkwiyowo udatola, chifukwa nkhondo yobwezera ndiyo mphatso imene zigawenga zimakhumba koposa kwa mdani wawo.

Mwezi usadathe, pa 7 Okutobala, mabomba adayamba kugwa ku Afghanistan, ndipo pofika Novembala a Taliban, amene adasunga Osama bin Laden, mtsogoleri wa al-Qaeda, adathawa mu Kabul. Koma mwini mlanduyo adazemba. Adadzaphedwa pa 2 Meyi 2011 ku Abbottabad m'dziko la Pakistan, kumene kudalibe nkhondo ya Amereka, ndipo amene adamupha ndi kagulu kochepa ka asilikali, akazitape atalondola mapazi a mthenga wake kwa zaka zambiri modekha. Nkhondo ya ku Afghanistan ija idatenga zaka 20, idadya asilikali a Amereka oposa 2,400 pamodzi ndi anthu wamba zikwi makumimakumi, ndipo pa 15 Ogasiti 2021 a Taliban omwe aja adalowanso mu Kabul nakhala pampando umene adachotsedwapo.

Makolo athu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse. Chigawenga chilibe likulu loti mulilande, chilibe yunifolomu yoti muchizindikire nayo. Chimagona pakati pa alimi, amalonda ndi ana, kotero kuti woponya mwala ali ndi mkwiyo amaswa mkhate, khoswe nathawa. Bomba litapha asilikali a Amereka 13 ndi anthu a ku Afghanistan oposa 150 pabwalo la ndege la Kabul pa 26 Ogasiti 2021, ndege ya Amereka yopanda woyendetsa idawombera galimoto patapita masiku atatu, ndipo amene adafa adali anthu wamba 10, asanu ndi awiri mwa iwo ana; akuluakulu a asilikali adavomera pambuyo pake kuti adalakwitsa. Ndipo sikudali koyamba, pakuti mu 1998, zigawenga zitaphulitsa maofesi a kazembe wa Amereka ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam ndi kupha anthu 224, ambiri mwa iwo Aafirika anzathu, mizinga yobwezera idagwetsa fakitale ya mankhwala ya al-Shifa ku Khartoum, imene inkapanga mankhwala a malungo ndi ena, pomwe umboni wokhutiritsa woti munkapangidwa zida zapoizoni sudaonetsedwe poyera. Nanga mwana wotsala pamaliro otere, akadzakula, adzamvera ndani: kazembe wolankhula za mtendere, kapena mlaliki wachidani womuuza kuti akalipsire abale ake?

Za Iraq ndingonena mwachidule. Mwa olanda ndege 19 aja, 15 adali a ku Saudi Arabia ndipo padalibe wa ku Iraq ngakhale mmodzi, komabe Iraq idathiridwa nkhondo mu 2003. Zida zoopsa zimene ankati zili kumeneko sizidapezeke, ndipo m'mabwinja a nkhondoyo mudaphuka gulu la Islamic State, limene lidalanda mzinda wa Mosul mu 2014.

Wina anganene kuti ndikufuna boma ligone pamene adani akuotcha midzi. Iyayi. Pamene zigawenga zalanda mzinda, monga zidachitira ku Mocímboa da Praia m'chigawo cha Cabo Delgado kwa anansi athu a ku Mozambique, asilikali ayenera kupita kukawombola anthu, ndipo adachita bwino a Rwanda ndi a Mozambique amene adaulanditsa mu Ogasiti 2021. Kumeneko ndiko kutchinjiriza amoyo. Kubwezera kumayang'ana kumanda, kumafuna kuti maliro a uko achuluke kuposa a kuno, ndipo nkumene Abigayeli wa m'Baibulo adaletsa Davide pamene adamanga lupanga kuti akaononge nyumba yonse ya Nabala chifukwa cha chipongwe cha munthu mmodzi.

Njira ina ilipo, ngakhale ilibe ng'oma ndi malipenga. Mu Meyi 2001 bwalo la milandu ku New York lidapeza anthu anayi olakwa pa mabomba a ku Nairobi ndi Dar es Salaam, ndipo adalamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse, popanda mudzi wotenthedwa kapena mwana wophedwa. Mlandu suola. Apolisi ogwirizana kudutsa malire, akazitape oleza mtima, kutseka njira za ndalama, ndi kumva madandaulo a achinyamata asadagwe m'manja mwa owasocheretsa, zimenezi nzochedwa, koma zimagwira wolakwa yekha.

Inu atsogoleri amene tsiku lina mudzaimirira pamaso pa anthu olira akukupemphani mwazi, musalamule asilikali usiku wa maliro. Yambani mwadziwa dzina la wolakwa ndi kumene ali, ndipo mukamufune iyeyo.