KAMERA NDI KANDIMVERERE

Lero ndili ndi mlandu ndi anthu amene akuti sewero likajambulidwa pa kanema ndiye kuti lasungika. Iwo akuti palibenso chifukwa chovutikira kulichita pansanja, popeza aliyense angathe kulionera pa foni ali chogona. Ine ndikukana. Makolo athu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo kamera ndi kandimverere weniweni. Imapita kukationerera, n'kubwera ndi zimene yasankha yokha.

Taganizani za munthu amene wakhala m'holo. Maso ndi ake. Pamene mfumu ikulankhula pansanja, iye akhoza kuyang'ana wantchito amene waima chete pangodya, n'kuona kuti nkhope yake ikutsutsa zonse zimene mbuye wake akunena. Pa kanema ufulu umenewo palibe. Wojambula akaloza kamera pankhope ya mfumu, wantchito uja wafafanizidwa, ndipo gawo la tanthauzo lapita naye. Nkhope imodzi ikadzaza galasi lonse, woonerera amayamba kuimvera chisoni ngakhale ili ya munthu woipa, pakuti misozi yoonera pafupi imafewetsa mtima.

Chitsanzo chili m'makalasi mwathu momwemu. Ana ambiri aphunzira Macbeth, sewero la William Shakespeare, pokonzekera mayeso a MSCE. Mlembiyo sadaonetse kuphedwa kwa mfumu Duncan. Adakubisa kuseri kwa nsanja, kuti woonerera aone mantha a wakuphayo pamene akutuluka ndi magazi m'manja, ndi kuti choipacho achijambule yekha m'maganizo mwake. Koma Roman Polanski, mu kanema wake wa 1971, adaonetsa mpeni ukulowa m'thupi la mfumu. Adaonjezanso mathero ake, oonetsa Donalbain akupita kwa mfiti zija, ngati kuti kuphana kuyambiranso. Kanemayo ndi waluso, sindikutsutsa. Koma mwana amene waonera yekhayo wamva maganizo a Polanski, n'kumayesa kuti ndi a Shakespeare.

Tibwere kwathu. Pansi pa lamulo la 1968, sewero lochitikira pagulu linkayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la boma lounika zosangalatsa anthu. Alembi adaphunzira kuphiphiritsa. Mawu apapepala ankaoneka osalakwa, koma mtengambali akangokhala chete pang'ono, kapena kutembenuzira diso kwa anthu, holo yonse inkamva chimene sichidanenedwe. Du Chisiza Jr, amene adayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987, akaima pansanja ya French Cultural Centre ku Blantyre, anthu ankadziwa kuti akuona mwana wa Dunduzu Chisiza, amene adafa mu 1962 pa imfa yomwe ambiri ankangoinong'ona. Kudziwa kumeneko kudali gawo la sewero. Kuseka kwa mantha, munthu akuyang'ana uku ndi uku kuti aone amene wakhala naye pafupi, kudalinso gawo la sewero. Du adamwalira mu 1999, chaka chomwe wailesi ya kanema ya TVM idayamba kuulutsa. Wina atatenga Papa's Empire lero n'kulijambula mwaluso m'nyumba yokongola, mawu adzakhalapo onse, koma anthu amene ankawapatsa mphamvu sadzakhalapo.

Chimodzimodzinso a John Nyanga ndi a Eric Mabedi, amene dziko lidawadziwa ndi maina akuti Izeki ndi Jakobo. A Nyanga adatisiya mu 2016, a Mabedi mu 2021. Luso lawo lidali kumvetsera anthu. Ankadikira kuti phwete lizirale asanaponye mawu ena, ndipo wina akakuwa kuchokera kumbuyo ankamubwezera pomwepo. Mdzukulu amene akuwaona pa YouTube ali yekha m'chipinda amapeza mipata ya chete, n'kumadabwa kuti akudikira chiyani. Ankadikira ifeyo. Ife Angoni tikudziwa bwino zimenezi: ngoma ya pa Umhlangano ku Nkolimbo imamveka m'mapazi nthaka ikamagwedezeka, ndipo palibe foni imene idagwedezapo nthaka.

Ena ati: "Aphunzitsi, mwana wa ku Kasinje kapena ku Tsangano adzafika liti ku Blantyre? Kanema ndiye amamufikira." Akunena zoona, ndipo chithunzi cha malemu agogo ndi chamtengo wapatali. Tijambule ndithu, makamaka akuluakulu a zisudzo amene akadali moyo. Koma palibe amene amapita kwa chithunzi kukapempha malangizo a ukwati. Chimene ndikudana nacho n'chakuti kujambulako kukhale chifukwa cholekera kuchita. Mwana wa ku Kasinje safunika kupita ku Blantyre kuti aone sewero. Akufunika mphunzitsi, anzake khumi, nsalu ziwiri ndi mthunzi wa mtengo. Mpikisano wa zisudzo wa ATEM, umene udatulutsa Du mwiniyo ali pa sukulu, udakula chifukwa cha aphunzitsi otere.

Choncho pempho langa kwa aphunzitsi aakulu a m'boma lino ndi ili. Musaonetse ana kanema wa sewero asanaliwerenge mokweza ndi kuchitako gawo limodzi pamaso pa anzawo. Akatha kutero, aonetseni kanemayo, ndipo muwafunse kuti wojambula wabisa chiyani, waonjeza chiyani, ndipo wawakakamiza kuyang'ana ndani. Kwa ojambula ndikuti, mukamajambula sewero lakale musadule oonerera. Tionetseni nkhope zawo, timve kuseka kwawo, ndipo mulembe tsiku ndi malo, kuti wobadwa mawa adziwe kuti ankaseka ndani ndiponso m'nyengo yotani.

Ndipo inu adzukulu, tchuthi chikudzachi sonkhanani, musankhe sewero limodzi, mutiitane ife agogo anu tidzakhale pamphasa. Tikadzatsokomola kapena kuwomba m'manja pamalo olakwika, musadzakwiye, pakuti imeneyo ndi ntchito ya oonerera. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mtengambali yekha sasenza sewero.