Tsiku Limodzi Silikwana kwa Mai Wovutika Asanapite Kumwezi

Lamulo la nchito m'dziko la Zambia limapatsa mzimai aliyense wolembedwa nchito tsiku limodzi pa mwezi lakuti akhale kunyumba, popanda kuonetsa kalata ya dotolo kapena kufotokozera bwana cifukwa cake. Tsikuli anthu amalicha Mother's Day. Liri m'lamulo la nchito la 2019. Ndi lamulo labwino, ndipo maiko ambiri alibe. Koma pali azimai ena amene tsiku limeneli siliwathandiza, cifukwa vuto lao silibwera pa tsiku losamba. Limayamba sabata imodzi kapena awiri msambo usanafike, ndipo magazi akangoyamba, limacoka monga silinalipo.

Azimai ambiri amamva kusintha m'thupi pa masiku amenewa. Mawere amawawa, mimba imatupa, mtima umacedwa kuleza. Zimenezo n'zodziwika ndipo sizifuna mankhwala amphamvu. Nkhani iri pa azimai ocepa, pakati pa 2 ndi 5 mwa azimai 100 aliwonse a msinkhu wobereka, amene masikuwa amawagwetseratu. Mai wofatsa amasanduka waukali woopsa, amalira popanda womuputa, tulo timamuthawa, amadziona wacabecabe, ndipo ena amafika poganiza zodzipha. Pakapita masiku amabwerera mwakale, nayamba kupepesa kwa ana ndi kwa mwamuna pa mau amene analankhula. Mwezi wamawa zonse zibwereranso. Madotolo amacha matendawa PMDD. Madotolo a za maganizo a ku America anawalemba m'buku lao mu 2013, ndipo bungwe la za umoyo la WHO linawaika pa mndandanda wa matenda mu 2019.

M'boma la Chongwe mai wotere kawirikawiri sayambira kucipatala. Amayambira kwa alangizi kuti akamuphunzitsenso ulemu, kapena kwa ankhoswe, kapena kumapemphero ocotsa ziwanda. Ngati ndi mlimi wa ku Kanakantapa kapena wogulitsa tomato m'mbali mwa mseu wa Great East, alibe ngakhale bwana wompatsa tsiku limodzi lija. Ngati ndi wophunzira pa Chalimbana, mayeso sayang'ana kalendala yake. Alangizi ali ndi nchito yao, koma ulemu suciritsa matenda.

Cocititsa cake sikuculuka kwa mahomoni. Akapimidwa magazi, mai wodwala PMDD amapezeka ndi mahomoni ofanana ndi a mnzake wosadwala. Kusiyana kuli m'bongo, umene mwa iye umakhudzidwa kwambiri mahomoniwo akamakwera ndi kutsika dzira litatuluka. Ofufuza a ku America anaonetsa zimenezi mu 1998. Atapatsa azimai mankhwala oimitsa mahomoni, ambiri odwala anapeza bwino. Atawabwezera mahomoniwo, vuto linabwerera mwa odwala okha, pamene azimai ena sanamve kanthu.

Mankhwala amene aonetsa umboni waukulu ndi aja opatsidwa kwa anthu opsinjika maganizo, makamaka fluoxetine ndi sertraline. Amagwira nchito pa serotonin, cinthu cimene cimanyamula mauthenga m'bongo. Mu 1995 gulu la Dr Meir Steiner wa ku Canada linayesa fluoxetine pa azimai oposa 300 ndipo linapeza kuti amathandizadi, ndipo mu 2000 boma la America linawavomereza pa matendawa. Sikuti aliyense amacira. Pafupifupi azimai 6 mwa 10 amapeza kusintha koonekera.

Pali cinthu cimodzi cimene ambiri sacidziwa. Munthu wopsinjika maganizo amadikira masabata 4 kapena 6 kuti mapiritsiwa ayambe kumuthandiza, koma mai wa PMDD amamva kusintha m'masiku ocepa cabe. Conco dotolo angathe kumuuza kuti azimwa masiku 14 okha msambo usanafike, n'kuleka magazi akayamba. Ena amafunikira kumwa mwezi wonse, makamaka amene msambo wao umasinthasintha masiku. Ndiponso si mapiritsi onse a maganizo amene amagwira. Akale monga amitriptyline alibe umboni wofanana pa matendawa, Valium amangogoneka munthu ndipo amazoloweretsa, pamene Panadol ndi Brufen n'za ululu wa m'thupi basi.

Copinga cacikulu ndi dzina. Kucokera pa Chongwe kupita ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 45, basi imadutsa pa cipatala ca Chainama, ndipo aliyense adziwa tanthauzo la kunenedwa kuti "wa ku Chainama". Mai akamva kuti mapiritsi amene wapatsidwa amamwanso odwala maganizo, amaopa kuti apongozi adzati mwana wao anakwatira wamisala. Amalola kuvutika masiku 10 mwezi uliwonse, amene pa caka ndi miyezi 4 yathunthu, kusiyana ndi kuonedwa ndi kabotolo kameneko. Manyazi otere ndi okwera mtengo kwambiri. Aspirin amamwa wa mutu, amamwanso wa mtima, ndipo palibe amene amati wa mutu ali ndi matenda a mtima.

Otsutsa mankhwalawa ali ndi mfundo yoyenera kuimva. Pamene kampani ya Eli Lilly inayamba kugulitsa fluoxetine kwa azimai mu 2000, inangosintha dzina la Prozac kukhala Sarafem ndi kupaka makapisozi mtundu wina, ndipo ambiri anadandaula kuti malonda ake anali kuonetsa mkwiyo wamba wa mkazi monga matenda. Ngozi imeneyi iripo ngakhale kumudzi. Mai amene akalipa cifukwa mwamuna wamwera ndalama za cimanga sadwala PMDD, ndipo palibe piritsi limene liyenera kumutseka pakamwa.

Cosiyanitsa ndi kope ndi pensulo. Madzulo alionse, kwa miyezi 2, mai alembe mmene tsiku lamuyendera m'maganizo ndi m'thupi, ndi kuconga masiku amene ali kumwezi. Amene sadziwa kulemba angaike mtanda pa tsiku loipa. Ngati mitanda iunjikana msambo usanafike ndipo sabata yotsatira msambo iri yoyera, dotolo ali ndi poyambira. Ngati mitanda iri mwezi wonse, vuto liri kwina. Mwina ndi kupsinjika maganizo kwenikweni, kucepa kwa magazi, matenda a cithokomiro, kapena nkhanza za m'nyumba.

Mapiritsiwa alinso ndi zovuta zao. Ena amacita mseru, mutu, kusowa tulo, kapena kucepa kwa cilakolako ca m'banja, ndipo comalizaci azimai ambiri amacita naco manyazi kucinena, namangoleka kumwa mwakacetecete. Mai woyembekezera, woyamwitsa, kapena womwa mankhwala ena ayenera kuuza dotolo asanayambe. Cimodzimodzinso amene anadwalapo matenda osinthasintha maganizo, cifukwa angadzuke. Atsikana osafika zaka 25 afunika kuonedwa pafupipafupi pa masabata oyamba. Amene safuna mankhwalawa angakambirane za mapiritsi ena olera okhala ndi drospirenone, kapena uphungu. Kugula makapisozi pa kantemba popanda kupimidwa n'kusewera ndi moyo.

Mu 2019 Zambia inakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo m'malo mwa lija la nthawi ya atsamunda. Phindu la lamulolo liyenera kuoneka pa kiliniki ya kumudzi, osati ku Lusaka kokha. Fluoxetine ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika ndipo si wodula. Akulu a za umoyo m'boma la Chongwe aonetsetse kuti akupezeka pa cipatala ca boma ndi m'makiliniki, ndipo anasi a kucipinda ca kulera aphunzitsidwe kufunsa mai aliyense mmene mtima wake umakhalira masiku oyandikira kumwezi. Funsolo silitenga mphindi imodzi.

Koma mai amene wayamba kuganiza zodzipha asadikire kuti kope lidzaze miyezi 2. Apite kucipatala tsiku lomwelo, ndipo wacibale amuperekeze.