Dzenje limene ndinamukumbitsa

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndabwera ndi mlandu. Woyamba kuzengedwa ndine.

Sabata yatha pa Nchalo ndinakumana ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa fomu 2 kalekale. Pano ndi bambo wa ana awiri, amakonza njinga zamoto. Masiku amenewo sankatha kukhala pansi mphindi khumi. Makope kutaya, homuweki kuiwala, funso kuyankha ndisanamalize kufunsa. Ndinamukumbitsa dzenje la zinyalala dzuwa la Okutobala lili paliwombo, ndipo dzuwa la kuno kuchigwa mukulidziwa. Pa lipoti lake ndinalemba kuti ndi waulesi. Tsono anandiuza, uku akuseka, kuti ali ku Johannesburg abwana ake anamutumiza kwa katswiri wa za maganizo, ndipo anamupeza ndi ADHD. "Aphunzitsi, zaka zonsezi ndinkadziyesa chitsiru." Ine sindinaseke.

Nditakamba nkhaniyi kusukulu, mnzanga wina anati amenewo ndi matenda a azungu, kuno mankhwala ake ndi chikwapu. Wina anati munthu wa ndevu zake akakayezetse zachiyani, sukulu inatha kale. Ndikutsutsana nawo onse awiri.

Choyamba, ubongo sudziwa mtundu. Anthu a ADHD ndi autism ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Makhanga alipo, kungoti tinawapatsa mayina ena: wosamva, wamwano, wolodzedwa, wozerezeka. Ndipo ife a kuno tili ndi chifukwa china chokhalira tcheru. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anatuluka mu 2010, anapeza kuti ena mwa ana amene anachira malungo a muubongo pambuyo pake ankadwala khunyu kapena kukhala osakhazikika. Chigwa chino ndi kwawo kwa udzudzu. Ndi angati amene tinawakwapula chifukwa cha chipsera cha malungo?

Chachiwiri, zinthuzi sizitha munthu akalemba MSCE. Amapita nazo kuntchito, kubanja, kutchalitchi. Wina wachotsedwa ntchito katatu chifukwa choiwala. Wina akuti ndi wonyada chifukwa sayang'ana anthu m'maso ndipo phokoso la pamsika limamupweteka mutu. Ena amathawira ku kachasu. Munthu wotere akadziwa chimene chimamuchitikira amasiya kudzida, amapeza njira zake zokumbukira zinthu, ndipo akazi ake kapena amuna ake amayamba kumumvetsa.

Kuyezako si kutenga magazi kapena kujambula. Katswiri amacheza nawe nthawi yaitali, amafunsa za ubwana wako, amakupatsa mafunso ndi tintchito toyesa chidwi ndi kukumbukira, amaonanso ngati vuto si khunyu, makutu, mowa kapena kukhumudwa. Pa ADHD zizindikiro ziyenera kuti zinayamba usanakwanitse zaka 12 ndipo zimaoneka m'malo angapo, osati kusukulu kokha. Kuyeza kwabwino kumatchulanso zimene munthuyo amachita bwino. Mnyamata wanga uja injini amaimva ndi khutu ngati mawu a mwana wake. Ine luso limenelo sindinalione.

Koma munthu wa ku Nsanje akayezetsa kuti? Akwere mapiri a Thabwa kukafika ku Queen Elizabeth, kapena apitirire ku chipatala cha Zomba Mental, kumene ukangotchula dzina lake anthu akuti wapenga. A St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Thiransipoti yokha yatha thumba la chimanga. Ku Montfort ku Nguludi amaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, nanga ana aja akakula amawalandira ndani? Unduna wa Zaumoyo uphunzitse ogwira ntchito za maganizo m'zipatala za maboma kuzindikira zimenezi mwa akuluakulu, ndipo akatswiri azitsika kuchigwa pa masiku odziwika.

Ife aphunzitsi tisadikire unduna. Umboni wa ubwana umene katswiri amafuna uli m'malipoti athu ndi m'mitu mwathu. Wophunzira wakale akabwera kudzapempha kalata, tilembe zimene tinkaona, osati zimene tinkamunyoza nazo. Ndipo liwu loti "waulesi" tiyambe talisiya mpaka titafufuza.

Kwa inu amene ndinakukumbitsani maenje, khomo langa mukulidziwa. Kalata ndidzalemba. Uja wa pa Nchalo ndinamupepesa pomwepo, makasitomala ake akumva.