Zolengedwa za Allah: Achule a Pakhomo Pathu Si Mtundu Umodzi

Mvula yoyamba ikagwa, madambo a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amasokosera usiku wonse. Ambirife timangoti ndi achule basi. Koma mwa achule a khungu lokhakhala amene amabwera pakhonde kudzadya ngumbi pa nyali, muli mitundu itatu imene diso lofulumira limaisokoneza.

Woyamba ndi wamkulu uja amene akatswiri amamutcha Sclerophrys gutturalis. Wamkazi amatha kufika masentimita 12. Kumbuyo kwa maso ake kuli zotupa ziwiri zazitali zooneka bwino, ndipo akatambasula mwendo wakumbuyo mudzaona kufiira kuseri kwa ntchafu. Wamphongo amalira mokoka ngati munthu woliza mkonono.

Wachiwiri, Sclerophrys pusilla, mawanga ake ndi ofanana ndi a woyambayo, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Iyeyu ndi wocheperapo, sakonda kupitirira masentimita 8. Zotupa zake ndi zophwatalala, zovuta kuziona, ndipo ntchafu zake zilibe kufiira. Kulira kwake ndi kwakufupi, kobwerezabwereza ngati kwa bakha. Choncho ngakhale mumdima khutu likuuzani amene ali m'chithaphwi.

Wachitatu, Schismaderma carens, ndi wosavuta. Msana wake ndi wofiirira ngati njerwa yootcha, alibe zotupa kumbuyo kwa maso, ali ndi mzere wotukuka m'mbali kuchokera pa diso kulowera ku mwendo wakumbuyo, komanso madontho awiri akuda cha m'chiuno.

Ana akamafuna kuona zizindikirozi, makolo tiwachenjeze. Khungu la achule otere limatulutsa madzi apoizoni, makamaka m'zotupa zija, amene amawawa m'maso ndi m'kamwa. Galu akaluma chule amatuluka thovu. Wamugwira asambe m'manja ndi sopo asanadye. Koma zoti chule amapatsa njerewere si zoona. Njerewere zimabwera ndi kachilombo kochokera kwa anthu.

Tidziwirenji zonsezi? Chifukwa mwana amene sadziwa chinthu amathamangira mwala. Mu hadith imene analemba Imam Abu Dawud, sing'anga wina anafunsa Mtumiki Muhammad (SAW) zoika chule mu mankhwala, ndipo Mtumiki anamuletsa kumupha. Ma ulama a madhhab a Imam Shafi amatengera pomwepa kuti chule ndi haramu kudya. Nanga kumuphwanya ndi mwala pongosewera, tidzayankha chiyani? Chonsecho usiku uliwonse iye amatidyera chiswe ndi tizilombo tina tambiri pabwalo.

Nyengo ya mvula ino, mukaswali Isha, khalani pakhonde ndi ana anu mumvetsere. Afunseni kuti amene akulirayo ndi wamkonono kapena wabakha. Mwana amene waphunzira kusiyanitsa achule ndi khutu sadzawaponyanso mwala, Insha Allah.